Chisoti cha Ssentongo

Pa mphambano ya Wandegeya
getsi lofiira ndi malangizo chabe,
timatero ife a bodaboda
tikamapyola pakati pa maminibasi
ngati ulusi pa diso la singano.

Lachiwiri lija ndinanyamula mayi wa mazira,
mathireyi asanu pamiyendo,
pemphero pakamwa.
Kutsogolo kunatukuka mkono wa malaya oyera.
Ndikanathawa. Ndimakadziwa kanjira
kotsikira ku Katanga, kuseri kwa okazinga chapati,
koma mazira sathawa nawo.

Wapolisiyo anali wamkazi, wamtali,
dzina pachifuwa: Lamunu.
Asanatsegule pakamwa anazula kiyi.
Onse amayambira pa kiyi.
Injini itazima ndinamva Kampala yense,
mahutala, mlaliki wa pakona, ndi mtima wanga.

Ndinapinda kanayi ya shilingi zikwi zisanu
n'kuibisa m'laisensi,
poti pa siteji tinaphunzira
kuti moni wa pamsewu amapereka chofumbata.
Iye sanayang'aneko n'komwe.
Maso ake anali pamutu panga.

"Vula."
Ndinavula.
Anachitembenuza ngati wogula dzungu,
chala chikulondola mng'alu
wochokera pachipumi kukafika kunkhongo,
womwe ndinamata ndi guluu ndi tepi yakuda.
Lamba anaduka kalekale,
ndimamangira chingwe cha nsapato.
Kumbuyo kuli kachithunzi kofwifwa ka pusi,
chizindikiro cha fuko lathu,
komwe mkulu wanga anamata tsiku logula.

"Ichi ndinachitola ine," anatero,
"pa raundabauti ya Mulago, mu Epulo, mvula ikugwa.
Chinagubudukira m'ngalande
mwini wake ali tsidya lina la msewu.
Ndinachitsuka pa mpope wa kupolisi
ndisanachipereke kwa mayi wa gomesi yobiriwira."

Mayi anga ali ndi gomesi imodzi yokha.

Ndinafuna kufunsa ngati Ssentongo analankhula,
ngati lole ija inaima,
ngati panali wina womugwira dzanja
kapena anthu ankangojambula ndi mafoni.
Pakamwa panga panatuluka zina:
"Afande, pepani, ndi lero lokha."

Mayi wa mazira anatsika mwakachetechete,
anakwera njinga ina osandilipira.

Lamunu analemba. Analemba mosathamanga,
akutchula dzina langa pang'onopang'ono,
Ki-bi-ri-ge,
ngati mphunzitsi woitana mayina m'kalasi.
Shilingi zikwi makumi anayi.
Thukuta la masiku atatu limenelo,
mwini njinga asanadye yake, mafuta asanamwe yawo.

"Chisoti chimafa kamodzi," anati.
"Ichi chinafa kale. Wavala maliro kumutu."
Kiyi anandiponyera,
koma chisoticho anandipatsa ndi manja awiri.

Ndinamutukwana chamumtima mpaka ku Kalerwe.
Anzanga pa siteji anaseka:
ukanapinda ya zikwi khumi, mbuli iwe,
zisanu ndi za ana asukulu.
Sindinawauze.

Chatsopano ndinagula ku Ndeeba, pangongole.
N'chofiira, chimandifinya makutu,
chimanunkha pulasitiki ndi katoni,
sichinunkha munthu aliyense.
Chakale chinkasungabe kafungo ka mafuta ake odzola,
makamaka dzuwa likawomba,
ndipo ndinkayenda tsiku lonse
mutu wanga uli m'mutu wa mkulu wanga.
Zimenezo sungazilembe pa pepala la chindapusa.

Tsopano chili kunsi kwa bedi.
Mwana wanga Nakibirige amasungiramo zitsekero za mabotolo,
amati ndi banki yake.

Lamunu akadali pa Wandegeya.
Wandiimikanso kawiri chichokereni tsikulo,
kamodzi chifukwa cha galasi lothyoka,
kamodzi sindikudziwa chifukwa chake:
anangokoka lamba pachibwano panga
n'kundiuza ndizipita.
Sitipatsana moni.

Getsi lofiira likayaka ndimaima.
Osati nthawi zonse, ndisaname.
Koma ndikaima, phazi pansi,
a kumbuyo akuliza mahutala, akunditchula mayina,
ndimayang'ana ngalande ya m'mbali mwa msewu
mpaka lobiriwira liyake.