Mapini Atatu

Chisanu cha Juni ku Joni chimaluma zala,
koma cha m'chipinda chino chapansi ku Braamfontein
nchochita kugula, amachilipira pamwezi
kuti makina asachite thukuta.
Ndamanga lamba pamkono, waya wake ndakoleka kuchitsulo,
pakuti kamphezi kobisala m'juzi yangayi
kangaphe bodi yodula kuposa nyumba yathu ya ku Phalula.

Seva yagona chagada, chivundikiro chili pambali.
Tebogo wandisiyira kapepala:
amene ankaisamala adachoka ndi mawu achinsinsi,
tsopano ikukana aliyense.
Uiiwalitse.

Pafupi ndi batire paima mapini atatu,
oonda ngati singano zoduka.
Kajampa kabuluu, kochepa ngati njere ya mphodza,
kakumbatira pini yoyamba ndi yachiwiri.
Kakakhala pamenepo, makina amakumbukira.

Ndazula chingwe cha magetsi.
Ndakatsina ndi kambaniro, ndakanyamula,
ndakakhazika pa yachiwiri ndi yachitatu.
Buku likuti ndidikire, ndiwerenge mpaka khumi.
Ndiwerenga m'chilankhulo changa,
chomwe m'tekisi ya ku Bree ndimachibisa pansi pa lilime.

Chimodzi, ziwiri, zitatu.
Malume Zakeyu adabwera kuno ndi Wenela,
adatsika mgodi wina pansi pa mzinda uno.
Zinayi, zisanu.
Mwina golide amene adakumba ndi yemweyu,
wopakidwa mopyapyala pa timapiniti.
Zisanu ndi chimodzi.
Makalata adabwera zaka zitatu, kenaka zii.
Amayi ankangoti: tchona ameneyo.
Ndani adawasunthira kajampa malume?
Kapena adakasuntha okha usiku wina ku komboni,
poona kuti kukumbukira kukuwalemera kuposa mwala?
Ndasokonezeka. Ndiyambirenso.

Khumi. Kabwerere pamalo pake.

Tsopano timawaya takutsogolo, tingwengwe ta nsabwe,
tilembo take tofuna maso a mwana.
Batani loyatsira silisankha mbali,
ulilumikize chamtundu uliwonse, limvera.
Koma kanyali kali ndi mwambo:
wofiira kwake, woyera kwake.
Ukakatembenuza sikapsa, sikadandaula,
kamangokhala mumdima
makina onse akugwira ntchito.
Ndikudziwa anthu otero ku Rosettenville,
tikagawana chipinda anayi.

Pulagi yaikulu ya mano makumi awiri ndi anayi
imafuna chala chachikulu ndi mtima wofatsa.
Ukakakamiza, bodi ipindika.
Yalowa, kakhadabo kake kagwira.
Mafani asanu ndi limodzi, lililonse pachisa chake,
lachinayi ndalilumikiza kawiri, dzanja linanjenjemera.

Ndabwezera chingwe. Ndadina.
Mphepo yabuka ngati basi ya ku Park Station ikunyamuka,
kenaka kulira kumodzi, kwakufupi: pii.
Yadzuka yosadziwa mwini wake,
ikuyesa lero ndi tsiku loyamba la Januwale
la chaka china Mwandida wanga asanabadwe.
Ndiyenera kuiuza tsiku ndi nthawi,
ndipo ikhulupirira chilichonse ndingalembe.

Foni yanjenjemera m'thumba.
Fizi ya temu ino, ababa. Ndiye mubwera liti?

Ndalemba tsiku loona.
Ndatseka chivundikiro, masikuluu onse akwana.
Pathebulo patsala kajampa kamodzi kapadera, kakuda.
Ndakaika m'chikwama, kuseri kwa pemiti
yomwe ikutha mu Okutobala.