Kakhomo ka Chala

Pachipatala cha ku Casa Amarela, mumzinda wa Recife,
a dokotala Walquíria anati: Ícaro, luma.
Mwana analuma.
Mano am'mbali anakumana, akutsogolo ayi.
Panatsala kakhomo kozungulira,
kongokwana chala chachikulu.

Ine ndinkati ndi chibadwa.
Ndinkati akadzagweluka, adzamera ena owongoka.

Anandipatsa kagalasi kuti ndidzionere ndekha,
kenaka funso: Amayamwa nthawi yanji?
Ndimadziwa mtengo wa mtolo wa nzimbe,
ndimadziwa basi yomaliza ya ku Olinda,
koma apa kukamwa kunandiuma.

Nanga tsabola? ndinatero.
Ine mayi anga ankandipaka tsabola.
Anapukusa mutu.
Tsabola amalanga chala, bambo,
chikhalirecho mlandu si wa chala.
Pitani mukapenyetsetse kaye.

Ndinapenyetsetsa masiku anayi.
Pampira sayamwa. Pojambula sayamwa.
Koma dzuwa likapendeka,
ine ndikamakankhira panja ngolo yofinyira nzimbe,
ndikangoti chitseko gwire,
chala lowu m'kamwa,
dzanja linalo litafumbata duku la amake
amene ali ku São Paulo, chaka chachiwiri tsopano,
kulera ana a eni.

Ndinaima pakhonde, ngolo ikundidikira.
Kani kakhomo kaja tinaboola tonse.

Masiku ano ndimachedwa ndi mphindi khumi.
Timaima pa sinki, iye pa kabokosi,
miswachi iwiri, thovu mpaka kuchibwano.
Kapu ya madzi a nzimbe yogonera ija ndinaileka:
akuti shuga amagona m'mano usiku wonse,
amagwira ntchito mofanana ndi ine.
Analira sabata yathunthu.

Ndisanatuluke ndimam'siyira belu la pangolo.
Ndisungire, ndimatero, ndi manja onse awiri.
Makasitomala ndimawaitana ndi pakamwa,
mawu mpaka kusasa.

M'bandakucha ndikabwera, ndisanavule nsapato,
ndimatenga kadzanja kake n'kukaunika ndi foni.
Chala chikakhala chouma, timajambula nyenyezi pakalendala.
Chikakhala chamakwinya, chonyowa,
sindinena kanthu.
Mwezi uno nyenyezi zilipo khumi ndi imodzi.

Dzulo a dokotala ayeza kakhomo kaja.
Akuti kachepa pang'ono, mwina.
Kenaka atembenukira kwa ine:
Nanga inu, bambo, munakhalapo pampandowu?

Ícaro anatsika,
n'kupukuta mpando ndi dzanja lake louma,
nati: Yasamulani.