Zolozera Zosowa Kolozera

Ku Tartu dzuwa lalowa folo koloko isanakwane,
chipale chikuunjikana pa zenera la chipinda cha maseva.
Leelo wavula golovesi imodzi yokha.
Walemba lamulo la mzere umodzi,
walituma likwere mtengo wa zikwatu
nthambi ndi nthambi, ligogode khomo lililonse.

Zayamba kutsika pa sikirini:
mayina alipo, eni ake kulibe.
Ichi chikuloza disiki imene inapsa chaka chatha.
Ichi chikuloza chinzake, chinzakecho n'kubwezanso chala,
agalu awiri onunkhizana michira mpaka kalekale.
Zonse makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri.

Kufufuta sikuvuta. Akufufuta, akupsontha khofi wozizira.

Chatsala chimodzi, kunsonga kwenikweni,
dzina lake koju, ndiko kuti kubwerera kwathu.
Anachimanga Endel,
uja ankamasula mafani ndi mpeni wa buledi.
Chikuloza chikwatu chake
chimene ofesi inachotsa sabata yomwe anamuika m'manda.

Chala chaima pamwamba pa batani.
Mabaiti khumi ndi imodzi basi,
seva siimva n'kulemera komwe.

Leelo wavala golovesi ija, wazimitsa nyali,
wachisiya chikulozabe.