Anabadwa Mwezi Umodzi

Ximena ndi Tizón anabadwa mwezi umodzi,
Julayi wa mvula, malata a Valparaíso akulira usiku wonse.
Wina tinachoka naye kuchipatala ali m'bulangete,
winayo ndinamutola padoko, m'katoni ya nthochi,
maso asanatseguke n'komwe.

Pofika Julayi wotsatira
mwana anali akadagwira miyendo ya tebulo, dzandidzandi,
galu atadziwa kale tinjira tonse ta phiri la Cordillera,
atamenyana kale, khutu litang'ambika,
atagonako kunja masiku awiri
chifukwa cha galu wamkazi wa ogulitsa nsomba.
Chaka chimodzi chokha,
iye n'kukhala mnyamata wa ndevu zake.

Anthu amati uziwerenga chonchi:
chaka chimodzi cha galu, zisanu ndi ziwiri za munthu.
Dokotala Oyarzún anaseka nditamuuza.
"Si masamu a m'sitolo amenewa, Heriberto.
Galu ubwana amaumeza osatafuna,
kenako n'kuyamba kuyenda chifatse,
koma akakhala wamkulu thupi ngati wanuyu
dzuwa lake limapendeka msanga."
Analemba nambala kuseri kwa lisiti.
Nditaiona ndinaipinda kanayi.
Inaposa zaka za bambo anga pamene ankatisiya.

Ndiye kuti panali tsiku lina, sindilidziwa,
limene ine ndi iye tinali a msinkhu umodzi.
Mwina linali Lachiwiri wamba,
tikukwera masitepe kuchokera ku Echaurren,
tonse mawondo atayamba kung'ung'udza.
Anandipitirira tsiku limenelo osatsanzika,
ine ndili kalikiliki kufufuza makiyi m'thumba.

Ntchito yanga n'kuthira girisi
m'zingwe za chikepe chokweza anthu paphiri.
Kulira kwa chitsulo chotha ndimakudziwa ndili patali.
Chingwe chikalala ndimachisintha.
Usiku ndimamva zikhadabo zake zikukwekwereza pathabwa,
akuyesa kudzuka kachitatu,
ndipo m'bokosi langa lonse la zida
mulibe sipanala ya chiuno cha galu.

Lero Ximena ali ndi zaka khumi ndi zitatu.
Amadzitsekera m'chipinda,
amapaka zikhadabo utoto wakuda,
akuti moyo ukuchedwa, sunayambe.
Tizón naye khumi ndi zitatu zomwezo.
Mlomo wayera ngati wanunkhiza ufa,
maso achita nkhungu ya m'mawa padoko,
sitima ikalira satembenukanso.
Masitepe ofika kwathu amayamba wawayang'ana,
duu, ngati munthu wowerenga ngongole.

Kalendala ya kukhitchini ndi imodzi,
ya kampani ya gasi, ya chithunzi cha maboti.
Timang'amba tsamba limodzi pamwezi, tonse atatu.
Koma tsamba lomwelo mwana limamupatsa,
ine limandibwereka,
galu limamulanda.

Dzulo ndinawapeza pakati pa masitepe.
Ximena anali atamukoleka thaulo pamimba,
atanyamula mbali yakumbuyo ngati chikwama cha kumsika,
yunifolomu yonse ili ubweya okhaokha.
Sitepe imodzi, kupuma. Ina, kupuma.
"Tiyeni, achikulire," akutero,
kwa amene anabadwa naye mwezi umodzi,
amene ubweya wake wapakhosi
unali ndodo yake pophunzira kuyenda.
Nthawi imeneyo galu ndiye ankadikira.

Sanandione msanga.
Nditafika anapukuta mphuno ndi mkono,
n'kufunsa osandiyang'ana:
"Ababa, ndikamadzamaliza sukulu
iyeyu adzakhala ndi zaka zingati?"

Ndinayang'ana kumunsi, kudoko,
kumene makina ankatsitsa makontena, limodzilimodzi.
Lisiti lija linali m'thumba la malaya.
Ndinati, "Bweretsa mbali imodzi ya thaulo."

Tizón anagwedeza mchira kawiri.
Iye saziwerenga zaka.
Anangomva fungo la mkate
likutsika kuchokera kwa mayi Nélida,
n'kuponda sitepe yotsatira.