Lachinayi kwa Mayi Zabaleta

Lachinayi lililonse ndimakwera basi ya ku Almagro,
chikwama cha zida pamiyendo,
ndipo atatu aja amakwera nane osalipira.

Woyamba amakhala kuseri kwa khutu lamanzere.
Ali ndi mawu a bambo anga, a Osvaldo,
amene anamwalira akudandaula mtengo wa nyama.
"Zaka makumi asanu, Fermín, ukadakonzabe mapiyano a eni.
Yako ili kuti?"
Wachiwiri ndi kamwana ka kabudula wothina
kamene kanadzikodzera pa siteji ya sukulu
holo yonse ikuyang'ana.
Sikalankhula. Kamangondikoka malaya.
Wachitatu ndi wanthabwala, woseka pamaliro,
ndiye anauza Delfina kuti "pita, chitseko n'chosakhoma"
pamene ine ndinkafuna kunena kuti khala.

Mayi Zabaleta ali ndi mipando iwiri yokha
ndi mphaka wa diso limodzi amene sandiyandikira.
Miyezi isanu ndinkawapempha chinthu chimodzi:
ndichotsereni anthuwa.
Ndinkayesa ndi dzino lobooka,
kulipira, kuyasamula, kulavula magazi, basi kumapita.

Iwo anangofunsa, "Bambo anuwo ankaopa chiyani?"
Ndinaseka. Kapena anaseka ndi wanthabwala uja.
"Bambo aja? Sankaopa kanthu."
Wotchi inayenda. Panja wogulitsa maluwa
ankakangana ndi wa takisi.
Kenako chinabwera chokha chaka chimene fakitale inatsekedwa,
iwo ali kukhitchini pakati pa usiku, magetsi ozima,
akuwerenga ndalama ndi zala zokha
kuti ife tisadzuke.
Ukali wonse uja anali mantha ovala jekete.

Ndinalira mpaka mphaka anatuluka.

M'mawa mwake, kwa mayi wina wamasiye ku Boedo,
ndinatsegula piyano yakale yonunkha chinyezi.
Ambiri sadziwa kuti kiyi imodzi imamenya nsambo zitatu.
Zikasiyana pang'ono chabe, mawu amanjenjemera
ngati mavu m'botolo.
Pa ntchito yanga yonse sindinadulepo ndi imodzi yomwe.
Ndimatseka ziwiri ndi kansalu,
kumvetsera yotsalayo payokha,
kenako inzake, dzanja lili pa sipanala, osapupuluma.

Zimenezi sindinawauze Mayi Zabaleta.
Akanangoti "Mmm," n'kulemba.

Bambo akulankhulabe.
Dzulo anati nsapato zanga n'zochititsa manyazi.
Ndinati, "Ndamva, bambo. Lendi ndalipira kale. Gonani."
Kamwana kaja ndinakagulira ayisikilimu pa ngodya ya Medrano,
ndinadya ndekha, inde, choimirira,
mwamuna wa imvi, chokoleti chikudonthera pa kolala.
Wanthabwala uja sitinamvanebe,
sindikudziwa chimene amabisa m'mano.
Delfina sanayankhe kalata.

Lachinayi likubwerali ndikwera basi yomweyo.
Ndidzasunthira ku windo
kuti pampando patsale malo.