Kugawana

Magetsi ayakanso mu labu ya ku Chirunga.
Mayi Nasimelo akuti, "Yang'ana bwino,
usapumire pa galasi."

Ndapotokola kachitsulo ka maikulosikopu,
chifunga chabalalika ngati cha paphiri dzuwa likakwera.
Nawa maselo a dzira la nsomba,
othinana ngati nyumba za ku Chikanda,
lililonse ndi kampanda kopyapyala
kuposa kakhungu ka pa mkaka wowira.

M'limodzi timaulusi tandanda pakati
ngati ana asukulu pamzere wa m'mawa.
M'linzake tang'ambika kale,
theka uku, theka uko.
La kumapetoli ladzimanga m'chiuno,
ladzifinya, latsala pang'ono kukhala awiri.
Palibe wolira. Palibe wobera mnzake.

Ndakumbuka chaka chimene bambo anatisiya:
abale awo ananyamula malata ndi njinga,
ife kutisiyira mphasa
ndi ngongole ya ku golosale.

"Wajambula chiyani, Ndaona?"
Timabwalo tiwiri tofanana ndendende,
koma pensulo yanjenjemera pa kachiwiri.

Kunja mvula yatsika ndi Mulunguzi.
Bala la pachala changa, mwakachetechete,
likudzisoka lokha.