Msewu wa ku Pilpichaca

Atate agona ku Lima, bedi la pafupi ndi zenera,
mapapo awo akana mpweya wa kumapiri.
Pafoni anangoti, "Zenón, undionetse msewu,
uja wa ku Pilpichaca, ndisanauiwale."
Zaka makumi atatu ankanyamula tchizi pamsewuwo,
pa njinga yamoto yomweyi, yofiira, yokosomola m'mawa,
imene tsopano ikuphunzira kulemera kwanga.

Ndinamanga kamera pa handulo,
mabawuti anayi, ndi mphamvu zanga zonse,
mpaka sipanala inandidya chikhatho.
Madzulo ndinaona zimene ndajambula:
mapiri ali gwedegwede
ngati nkhope ya m'chitsime mwana ataponyamo mwala,
mapolo a magetsi apindika msana,
alupaka mmodzi, miyendo khumi.
Msewu wa chidakwa uwu, si wa atate.

Ndinawonjezera bawuti. Zinangoipiraipira.

Teodosia wa pagalaja, girisi mpaka m'zigongono,
anagunditsa injini n'kuika chala changa pa handulo.
"Wamva? Iwe ukuopa mabampu.
Mabampu kamera imawakhululukira.
Mdani ndi kunjenjemera kwakung'onoku,
kwa mu injini, kosaoneka ndi maso,
ndipo ukamanga chitsulo pa chitsulo
wakutsegulira khomo wekha."
Anadula chubu chakale, timawasha tinayi,
n'kutilowetsa pakati.
"Usafinye mpaka labala afe. Musiyire popumira."
Kenako anafupikitsa mkono wa chogwirira kamera:
"Chachitali chimakokomeza nkhani, ngati mlamu wanga."

Zinachepa ndithu.
Koma pa giya yachitatu, pomwe injini imakweza mawu,
nyanja ya Choclococha inkasweka ngati galasi.
Ndinayesa siponji: kamera inkangovomera ndi mutu
njira yonse, ngati munthu wosamva zomwe akuuzidwa.
Ndinayesa tiwaya topota, ndinayesa kumbuyo kwa mpando,
ndinajambula fumbi langa lomwe.
Masabata awiri anapita.
Hermelinda, mlongo wanga, analemba mawu awiri:
"Sakudya. Fulumira."

Usiku umenewo, ndikuvula jekete,
ndinakumbukira mazira.
Atate sankaika mazira pa keliyala.
Ankawakulunga m'nsalu, n'kuwalowetsa m'malaya,
ndipo ankafika nawo kumsika onse amoyo.

M'mawa kuli chisanu cholasa mano
ndinamanga kamera pachifuwa ndi lamba wa chikwama.
Ndinadzuka pang'ono pampando,
mawondo ofewa, zigongono zomasuka,
handulo ndaigwira ngati mwanapiye.
Kunjenjemera kunalowa kumapazi,
kunakwera m'ntchafu,
kukathera penapake m'chiuno,
m'mnofu umene sindinauthokozepo.

Hermelinda anawagwirira foni pafupi ndi maso.
Msewu unali phee.
Udzu wa ichu, tsinde lililonse palokha,
mtanda wa buluu wa pakona pomwe lole inagwa kale,
galu wa kwa Saturnino akuthamangitsa tayala,
nyanja yathunthu, yopanda mng'alu.
Chilema chinatsala chimodzi:
chithunzi chonse chinkakwera, n'kutsika,
kukwera, n'kutsika,
ndipo palibe labala wochotsa zimenezo.
Ndinali nditakonza kale mawu opepesa.

Akuti za nyanja sanafunse.
Za galu anamwetulira pang'ono.
Anayang'anitsitsa kukwera ndi kutsika kuja
nthawi yaitali, chubu cha mpweya chili m'mphuno,
chifuwa chawo chikuyesa kutsatira changa,
kenako anati:
"Akupuma mofulumira pa chitunda cha mtanda.
Akuopa kona ija. Umuuze asinthe giya msanga,
ndipo aziyang'ana kotulukira, osati kuphompho."

Atatero anapempha kuti aubwezere poyambira.
Ulendo wachitatu uli pakati,
anafunsa ngati msuzi uja udakali wofunda.